Funsani Aphunzitsi: Munthu mmodzi angathe kuphunzitsa mwana maphunziro asanu?

FUNSO

Aphunzitsi, ine ndine mayi wa ku Mabvuku ku Harare, makolo anga anachokera ku Dedza koma ineyo ndinabadwira konkuno. Mwana wanga wamkazi ali fomu 4, alemba mayeso a ZIMSEC, bungwe la mayeso la ku Zimbabwe kuno, kumapeto kwa chaka chino, ndiye ripoti ya teremu yoyamba yabwera mutu wandizungulira, Masamu U (kulephereratu), Combined Science E, Accounts E, Geography D, Chingerezi D, Chishona chokha ndiye B. Pali mnyamata wina wakutchalitchi kwathu amaphunzira ku University of Zimbabwe, wati atha kumabwera pakhomo kumuphunzitsa payekha maphunziro asanu onsewo, ola ndi theka katatu pa sabata, akufuna $40 pa mwezi. Bambo akunyumba akuti tingomutumiza ku ma extra lessons a gulu poti ndi otchipa. Kodi munthu mmodzi angathe zonsezi kapena tingotaya ndalama?

Mayi wodandaula, Mabvuku

YANKHO

Mayi, pepani ndi ripotiyo koma musataye mtima, mwezi wa Meyi si mochedwa. Ndipo mwana wanu sali yekha, mu 2024 ana amene anakhoza maphunziro asanu ndi C kapena kuposa pa O Level ya ZIMSEC anali pafupifupi 33 pa 100 alionse, ndiye kuti awiri mwa atatu anatsala.

Tiyeni tiwerengere limodzi kaye. Ola ndi theka katatu ndi maola anayi ndi theka pa sabata, mukagawa pa maphunziro asanu lililonse silikwana ndi ola lomwe. Mnyamatayo akati Lolemba Masamu pang'ono Geography pang'ono, Lachitatu Accounts ndi sayansi, Lachisanu Chingerezi ndi zotsala, pofika Okutobala mwana adzakhala atalawa zonse koma osagwira chilichonse. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndiye yankho langa ndi loti inde mulembeni mnyamatayo, koma osati pa zisanu zonse nthawi imodzi.

Ubwino wa mphunzitsi mmodzi wa maphunziro angapo ndi woti amaona pamene panaduka chingwe, chinthu chimene aphunzitsi asanu osiyana sangachione chifukwa aliyense amangoyang'ana phunziro lake. Ine ndikaona U ku Masamu, E ku sayansi, E ku Accounts sindiona mavuto atatu ayi, kawirikawiri limakhala vuto limodzi lomwe linayambira ku giredi 6 kapena fomu 1. Tsiku loyamba mnyamatayo asaphunzitse chilichonse, angomupatsa mwana pepala ndi funso ngati 3/4 + 1/6 n'kukhala chete. Mwana akalemba 4/10, basi matenda apezeka, akuphatikiza manambala apamwamba paokha apansi paokha, yankho lenileni ndi 11/12. Mwana wotero ukamupatsa density ku sayansi, mass kugawa ndi volume, agwa. Ukamupatsa mapu a 1:50 000 ku Geography kuti apeze mtunda, pomwe masentimita 2 ndi kilomita imodzi, agwanso. Ku Accounts akamuuza kuti achotsere 10% ya depreciation ndi chimodzimodzi. Ndipotu pepala loyamba la Masamu ku ZIMSEC salola kakyuleta, ndiye ana amene anazolowera kubaya foni pa 7 x 8 amaonekera pomwepo.

Chingwe chachiwiri ndi Chingerezi. Ana athu kunyumba Chichewa, pamsewu ndi anzawo Chishona, m'kalasi Chingerezi, ndipo ambiri amachilankhula bwinobwino moti kholo umanyadira, koma kuwerenga funso n'kumva chomwe likufuna ndi nkhani ina. Funso likuti explain mwana angotchula zinthu ziwiri n'kudutsa, mamakisi apita. Mnyamatayo amuwerengetse mokweza ndime imodzi ya m'buku la Geography, atseke bukulo, mwana anene m'mawu akeake zomwe wawerenga, kaya m'Chichewa kaya m'Chishona zilibe kanthu, kenako azilembe m'Chingerezi. Pamenepo waphunzira Geography komanso wayeserera summary ya pepala lachiwiri la Chingerezi ija yomwe amafuna mawu osapitirira 160. Izi ku gulu la ana 30 m'garaja sizingatheke, kumeneko mphunzitsi amalankhula yekha ana n'kumakopera manotsi, ndipo mwana wamanyazi sakweza dzanja kunena kuti ma fraction sawadziwa ali fomu 4. Abambo akunena zoona kuti gulu ndi lotchipa, limathandizanso mwana wa C amene akufuna B, koma wa U ayi.

Ndiye ine ndikanakhala inu ndikanatere. Kuyambira pano mpaka kumapeto kwa Juni, masiku awiri Masamu tsiku limodzi Chingerezi, china chilichonse chidikire. Julaye alowetse sayansi, holide ya Ogasiti ikhale ya ma past paper a ZIMSEC, akulemba ndi wotchi patebulo, osati a Cambridge chifukwa kafunsidwe kake kamasiyana. Geography ili pa D, yatsala pang'ono kufika C, imeneyo ikwera ndi Chingerezi chomwecho. Tawerengani tsopano, Chishona, Chingerezi, Masamu, sayansi, Geography, zakwana zisanu, ndipo muli zitatu zija, Chingerezi, Masamu ndi sayansi, zomwe amakonda kufunsa ku maphunziro a uphunzitsi ngakhale makosi ambiri a ku Harare Polytechnic. Accounts alembe ndithu koma isadye nthawi ya mnyamatayo, makamaka ngati iyeyo sanaiphunzirepo. Mumufunse mosabisa, mwanawe iwe pa A Level unatenga chani? Amene anatenga Masamu ndi Physics asakunamizeni kuti trial balance akaiwerenga usiku mawa aiphunzitsa. Akayankha kuti zonse ndimatha, pamenepo ndiye muchenjere.

Mukhoza kudziwa ngati ndalama zanu zikugwira ntchito ngakhale inuyo Masamu munawasiya kalekale. Mukamadutsa ndi mbale mvetserani, akulankhula kwambiri ndani? Cholembera chili m'manja mwa ndani? Ngati ola lonse mukumva mawu a mnyamatayo okha ndipo mwana akungoti ehe, ehe, ndiye kuti amene akuphunzira ndi mnyamatayo. Muzimva kachetechete nthawi zina, mwana akulimbana ndi samu, kenako "tandiuza wapeza bwanji". Kope lake likhale ndi zolakwika zozunguliridwa ndi zokonzanso, kope loyera bwino la manotsi okhaokha ine sindilikhulupirira. Ndipo homuweki kapena project ya kusukulu mnyamatayo asamulembere, ena amatero pofuna kusangalatsa kholo.

China ndinene poyera poti ndi mwana wamkazi. Aziphunzirira pabalaza, chitseko chotsegula, munthu wamkulu ali pakhomo, ndipo za kusintha tsiku kapena nthawi mnyamatayo azilemba pa WhatsApp yanu osati ya mwana. Si kuti tikumuganizira zoipa, zimamuteteza iyenso ku pakamwa pa anthu. Nthawi ikhale ya masana dzuwa lilipo, magetsi athuwa mukuwadziwa. Ndalama muzilipira mwezi ndi mwezi, ndipo mugwirizane kuti pakatha masabata 6 mwana alemba past paper imodzi ya Masamu muone ngati mamakisi asuntha. Masamu akadzakanika mu Novembala pali mayeso a Juni oti angabwereze phunziro limodzilo, koma izi musamuuze pano.

FUNSO

Aphunzitsi, mphunzitsi wa Masamu wa mwana wanga wandiuza kuti ndizimupatsa kenakake pa mwezi kuti azimuthandiza payekha akaweruka. Mwanayo ali fomu 3. Ndivomere?

Bambo, Dzivaresekwa

YANKHO

Bambo, Unduna wa za maphunziro a pulayimale ndi sekondale unaletsa aphunzitsi kulipiritsa ana awo ma extra lessons, ngakhale tonse tikudziwa kuti zikuchitikabe ndipo malipiro a aphunzitsi ndi amene akuwakankhira kumeneko. Koma ngakhale titaika lamulo pambali, ngati mwana sanamve kwa mphunzitsi ameneyo m'mawa, masana amva kafotokozedwe komweko. Pezani munthu wina, wophunzira wa ku Belvedere Technical Teachers' College kapena mphunzitsi wopuma pantchito wa kutchalitchi kapena kumzikiti kwanu. Mphunzitsiyo mumukanire mwaulemu, mungoti thumba silikulola, ndipo mumupemphe akuuzeni mitu yomwe mwana akulephera kuti mukampatse winayo. Mukadzaona kuti mwana wayamba kusalidwa m'kalasi chifukwa simunalipire, kaonaneni ndi ahedi.