Mafelemu 400 a madesiki, mgwirizano wapakamwa: musagule kaye uvuni

Funso: Ndine wowotcherera zitsulo pa boma la Kasungu, ndipo ndili ndi anyamata anayi. Kampani ina ya ku Lilongwe imene inawina tenda ya madesiki a sukulu yandipatsa ntchito yopanga mafelemu 400. Akufuna a powder coating, osati penti wa bulashi. Tagwirizana pakamwa kuti adzandilipira akalandira katundu yense. Ndikufuna kutenga ngongole ndigule mfuti yopopera ndi uvuni kuti ndisamapereke ndalama kwa openta a ku Kanengo. Kodi ndikabwereke ku banki kapena ku SACCO?

Yankho: Achimwene, za banki ndi SACCO ziyambe zadikira. Makalata otere ndimalandira ambiri, ndipo onse amathamangira ku makina. Chimene chingakugwetseni mwangochitchula modutsa: mwagwirizana pakamwa, ndipo ndalama mudzaziona kumapeto.

Penti wa powder coating ameneyu ali ndi khalidwe lake. Ndi ufa wouma umene mfuti imaupatsa mphamvu ya magetsi kuti ukakamire pachitsulo, kenako chitsulocho chimalowa mu uvuni wotentha madigiri 180 mpaka 200 kwa mphindi 10 mpaka 20 kuti ufawo usungunuke n'kulimba. Kukhuthala kwake amakuyeza mu ma micron, ndipo ma micron 1,000 ndiwo milimita imodzi. Ntchito zambiri zimafuna pakati pa 60 ndi 80. Ndi diso simungaone zimenezo, amayeza ndi kachipangizo kogunditsa pachitsulo. Felemu ikalowa ili ndi mafuta, dzimbiri kapena timibulu totsalira powotcherera, imatuluka yonyezimira bwinobwino, koma pakapita miyezi penti amayamba kusupuka. M'makona amkati ufa umalowa movutikira, ndipo dzimbiri limayambira momwemo.

Tsono taganizani tsiku limene mafelemu ena akanidwa. Wopenta adzati munabweretsa zitsulo zauve. Kampani idzati penti ndi wopyapyala. Woyendetsa lole adzati anawanyamula ali okalikakalika kale. Pa anthu onsewa, amene alibe pepala m'manja komanso akudikira malipiro ndinu nokha, ndiye mlandu udzagwera inu.

Mitengo yanu simunandiuze, choncho tiyerekeze. Felemu imodzi akulipirani K60,000, ndipo chitsulo, marodi, madisiki a galainda, magetsi, anyamata, lole ndi penti zadya K50,000. Phindu ndi K10,000, pa mafelemu 400 ndi K4 miliyoni. Zikumveka bwino. Akangokana imodzi pa khumi iliyonse, mwalandira K21.6 miliyoni mutawononga K20 miliyoni, phindu latsala K1.6 miliyoni. Ngati K20 miliyoni ija inali yobwereka, ngakhale pa chiwongoladzanja cha 3 peresenti pamwezi, ndi K600,000 mwezi uliwonse. Kampani ikachedwa miyezi itatu, podikira kuti nayonso ilipidwe ndi amene anaipatsa tenda, K1.8 miliyoni yapita. Mwagwira ntchito yaulere n'kuwonjezerapo zam'thumba, uvuni tisanauwerengere n'komwe.

Pitani ku Lilongwe mukalembe mgwirizano, ngakhale wa masamba awiri. Pangani mafelemu atatu achitsanzo, apentedwe, onse musainepo: imodzi ikhale kwa inu, ina kwa wopenta, ina kwa kampani. Mkangano ukabuka mudzayerekeza ndi imeneyo. Papepalapo palembedwe kukula ndi kukhuthala kwa chitsulo, nambala ya mtundu wa penti pa mndandanda wa RAL, ma micron, amene adzayendere katundu, malo oyenderapo ndi masiku amene ali nawo kuti akane. Masikuwo akadutsa, katundu walandiridwa basi. Mupemphe dipoziti yokwanira kugulira chitsulo, ndipo malipiro azibwera pa mafelemu 100 alionse. Muikenso tsiku limene mtengo wanu udzathere mphamvu. Chitsulo ndi ufa zimachokera kunja, ndipo amene anapereka mitengo ndalama ya kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akukumbukirabe mmene anamalizira ntchito zawo.

Ndikanakhala inu ndikanalimbana kuti udindo wanga uthere pageti la wopenta ku Kanengo. Mwatula mafelemu oyera, osalala, ouma, awerengedwa, asainidwa, kampaniyo ilipire yokha wopenta. Mtunda wa makilomita pafupifupi 130 pa M1 si wamasewera kwa katundu wopentedwa, ndipo kuwabweza ku Kasungu kenako kuwapititsanso ndi kulipira lole kawiri. Nthawi ya mvula muwafunditse tenti, chitsulo chosapenta chimachita dzimbiri usiku umodzi wokha. Kampani imene ikukana kulemba zonsezi yakuuzani kale mmene idzalipirire.

Uvuni wokwana mafelemu ambiri umadya magetsi kwambiri, nthawi zambiri a three-phase, aja a m'mafakitale, ndipo akazima penti ali pakati popsa katundu yense wam'katimo angafunike kubwerezedwa. Pamwamba pake mufunika kompulesa yotulutsa mpweya wouma ndi malo otsukira zitsulo. Nanga mafelemu 400 akatha? Alimi a ku Chamama, Santhe ndi Nkhamenya amene amakugulani ngolo ndi mageti akagulitsa fodya azolowera red oxide, penti woteteza dzimbiri uja, ndi penti wamba, ndipo mtengo wa powder coating ambiri sangaulandire. Ngongole idzafuna kubwezedwa mwezi ndi mwezi uvuni uli chizimire.

Chimene chikundiwawa kwambiri m'kalata yanu n'chakuti mulibe nambala ina kupatula 400 ndi anyamata anayi. Ndikukayika ngati muli ndi kabuku. Amisiri athu luso ali nalo, mawotcheredwe awo ndi oti munthu n'kuwanyadira, koma mukawafunsa kuti felemu imodzi yadya marodi angati amayang'ana kumwamba. Malisiti ali m'thumba la ovolosi, ena anachapidwa nawo limodzi. Ndalama ya kasitomala, ya ndiwo ndi ya fizi ya mwana wa mlongo zimatuluka m'foni imodzi ya Airtel Money kapena Mpamba, ndipo pakutha pa mwezi palibe akudziwa ngati shopu yapindula. Munthu wotere sangakambirane mtengo ndi kampani yokhala ndi akauntanti, amangovomera. Ngakhale banki imene mukufunsayo idzayamba n'kupempha mabuku.

Gulani kope lachikuto cholimba lero. Pa mafelemu atatu achitsanzo aja lembani chilichonse: mapaipi angati, zodulidwa zotayika, marodi, madisiki, mayunitsi a magetsi, maola a mnyamata aliyense, ndi malipiro anu eni ake, chifukwa nanunso ndinu wantchito. Mufunse openta awiri kapena atatu mtengo wa felemu imodzi, aulembe papepala. Mukanditumizira manambala amenewo pamodzi ndi mgwirizano wosainidwa, tidzawerengera limodzi ngongole yaing'ono yogulira chitsulo cha mafelemu 100 oyamba.