Madzi a pachitsime osayera ngakhale agonere

Funso: Akonzi, dzinja lino madzi a pachitsime chathu ali mbuu, ndimawasiya usiku wonse koma osayera, komanso m'kati mwa ndowa mukumata zoterera. Chikuchitika n'chiyani?

Yankho: Mchenga umamira msanga poti ngolemera, koma zotsalazo ndi tidongo tosakwana mamilimita 0.001, timangoyandama, ndipo tonse tili ndi kamphamvu ka magetsi (chaji) ka mtundu wofanana ndiye timakankhana m'malo mogwirana. Koma kena kakayandikira kwambiri khoma la ndowa kamakakamira pompo, mabakiteriya nawo n'kumangapo, kuterera kuja ndi kumeneko, ndowayo muziikwecha ndithu. A Water Board amathira mankhwala otchedwa alamu kuti tidongoto tigwirane n'kumira, njere za chammwamba zosinja zimathandizanso. Komatu majeremusi amatsalabe, madziwo muziwiritsa kapena kuthira klorini.