Nkhukundembo zanu sizinafe, achimwene

Achimwene ena a ku Elkhart, kuno ku Indiana m'dziko la America, andilembera imelo. Akuti nyengo yonse yozizira ankaona chigulu cha nkhukundembo zakutchire m'munda wa chimanga kuseri kwa nyumba yawo, koma chilowereni Marichi sizikuonekanso. Anzawo akuntchito awaitana kokasaka mu Epulo, ndiye akufunsa: kodi zafa ndi njala? Nanga zotsalazo zikhala ndi mnofu?

Achimwene, mwandikanda pachilonda, chifukwa nkhani ya "njala" ya mbalamezi inandidanitsa ndi neba wanga wina mpaka moni anavuta.

Mkuluyo anali wachifundo, zimenezo sindingakane. Sinowo ikangogwa ankagula matumba a chimanga n'kumakhuthula kuseri kwa garaja yake, ati nkhukundembo zisavutike. Zinkabweradi, mathadzi ndi ana awo paokha, atambala akuluakulu paokha, monga zimayendera nthawi yozizira. Koma chimanga chilibe mwini. Usiku kunkabwera tinyama takutchire tija amati ma raccoon, tomwe ndi akatswiri akumwa mazira a mbalame zomwezo, kenako ankhandwe akuno aja amati coyote anadziwa pokadikirira. Kutayamba kufunda, sinowo inasungunuka, mulu uja unanyowa n'kuyamba kununkha chuku. Ndinapita kukawauza mwaulemu kuti bambo, chimangachi mukwirire. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Ati munthu wobwera dzana angawaphunzitse chiyani za mbalame zakwawo. Ndinangoti chabwino, koma chuku ndinachidziwira m'nkhokwe ndili mwana. Ndipo poizoni wa chuku, aflatoxin, anatulukiridwa chifukwa cha nkhukundembo zomwe: mu 1960 ku England zoweta zoposa 100,000 zinafa zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wa ku Brazil wochita chuku. Izinso ndinawauza, koma zinangowonjezera mkwiyo.

Ine ndimati kudyetsa nkhukundembo zakutchire n'kudzisangalatsa wekha basi. Mbalameyi imakhoza kukhala mumtengo masiku angapo osatsika sinowo ikachuluka, n'kupulumuka ndi mafuta a m'thupi. Imafukula njere za mitengo ya oak, imatola chimanga chimene makina okolola anataya. Imene imaivutitsa ndi sinowo yakuya yofewa yokhalitsa, poti imalephera kuyenda ndi kupalasa. Kupatula apo, imadziwa kudzisamala kuposa mmene ife tingaisamalire.

Chimene chinatsala pang'ono kuitha ndi anthu. Kuno ku Indiana inatheratu, nkhalango zitadulidwa, mfuti zikulira chaka chonse. Boma linachita kutenga zamoyo kumadera ena n'kumazimasula kuno kuyambira 1956 mpaka 2004, zonse 2,795, ndipo kusaka kunatsegulidwanso mu 1970. N'chifukwa chake ndimapsa mtima ndikamva alenje akudandaula kuti nyengo yosaka imachedwa, ati atambala amakhala atayamba kale kulira mu Marichi. Inde amalira, koma mathadzi amakhala asanakwerane nawo. Ukapha tambala wamkulu nthawi imeneyo wasokoneza gulu lonse. M'madera ambiri a America chiwerengero chakhala chikutsika, moti mu 2023 Tennessee inachedwetsa tsiku lotsegulira ndi milungu iwiri, Kansas n'kuimitsiratu kusaka kwa kumapeto kwa chaka. Anachita bwino. Wosapirira akagule ya m'firiji ku sitolo.

Nanga zapita kuti?

Masana akayamba kutalika, thupi la mbalamezi limasintha. Atambala amamenyana kuti adziwane wamkulu, mutu umasinthasintha, pena wofiira, pena woyera, pena wabuluu, ndipo chigulu chija chimabalalika. Mathadzi amanka nafuna malo a udzu ndi zitsamba oikirako mazira, mwina makilomita angapo kuchoka pamene munkaziona, atambala n'kumatsatira. Thadzi limaikira mazira 10 mpaka 12, pafupifupi limodzi patsiku, n'kufungatira masiku 28.

Za mnofu musade nkhawa. Tambala amalowa m'nyengoyi atanenepa, makilogalamu 8 kapena 10, ali ndi chimafuta chofewa pachifuwa chimene amadalira chifukwa sadya kwenikweni, kutanganidwa ndi kufutukula mchira. Wa kumapeto kwa Epulo amalemera kuposa wa pakati pa Meyi.

Ndiye munda wa chimanga uja uiwaleni. Dzukani m'bandakucha, mukaime mphepete mwa nkhalango pafupi ndi mtsinje, mumvetsere. Zimagona m'mitengo, ndipo tambala amamveka pa mtunda woposa kilomita kunja kukakhala bata. Nyengo yosaka imatsegulidwa Lachitatu loyamba pakadutsa pa 20 Epulo, ndipo mumaloledwa imodzi yokha, tambala kapena ya ndevu pachifuwa. Gulani laisensi ndi sitampa yake. Ngati munabadwa chitadutsa chaka cha 1986 mufunseko za maphunziro a alenje. Kusaka pamalo othiridwa chimanga ndi mlandu. Musavale chofiira, choyera kapena chabuluu, poti ndi mitundu ya mutu wa tambala, ndipo mukamva kulira musanyang'amire komweko, mwina ndi mlenje mnzanu akuitana ali ndi mfuti pamwendo. Khalani pansi, msana kumtengo waukulu, anzanuwo aitane.