Wopereka asankhe phunziro, mphunzitsi asankhidwe ndi yunivesite

Achimwene, mwafunsa za anthu achuma a ku America amene amathandiza akatswiri olimbikitsa ufulu wa munthu ndi msika waufulu, kuti ndalama zawo zimayenda bwanji, komanso ngati kumeneku si kugula aphunzitsi. Nkhani yonse yagona pa chikalata cha mgwirizano chimene yunivesite ndi wopereka amasainirana.

Thandizo laling'ono ndi limene siliyambitsa mikangano. Bungwe la Institute for Humane Studies, limene F. A. Harper anayambitsa ku California mu 1961 kenako linasamukira ku George Mason University mu 1985, limathandiza ophunzira a PhD ndi ndalama za kafukufuku ndiponso za ulendo wokapereka pepala ku msonkhano wa akatswiri. Zimaoneka zochepa, koma wophunzira amapeza ntchito chifukwa cha pepala limene anthu amva ndi kuliwerenga, choncho tikiti ya ndege ndi masiku atatu a hotelo zimatha kumutsegulira khomo. Mwambowu ndi wakale: thumba la William Volker Fund ndi limene linkalipira katswiri wa zachuma F. A. Hayek atapita ku University of Chicago mu 1950.

Mavuto amayamba pamene ndalama zikulipira udindo wa pulofesa. Ngati mphatso yaikidwa m'thumba lokhalitsa, yunivesite imagwiritsa ntchito madola 4 kapena 5 pa 100 aliwonse pachaka, ndiye kuti madola 3 miliyoni amatulutsa pakati pa 120,000 ndi 150,000 chaka chilichonse, ndipo wopereka akasaina basi, ndalamazo zachoka m'manja mwake. Koma opereka ambiri amakonda kutulutsa pang'onopang'ono, mwina kwa zaka zisanu, gawo lililonse likudikira kuti iwo akhutire. Apa mpamene chingwe chimamangidwa. Mphunzitsi akapatsidwa ntchito yokhazikika imene amati tenure akhoza kukhalapo zaka 30, pamene wopereka walonjeza zisanu zokha, ndiye mkulu wa dipatimenti amayamba kuganizira zimene zingakondweretse mwini ndalama asanauzidwe n'komwe.

Zinachitikapo. Mu 2008 Charles Koch Foundation inalonjeza Florida State University madola 1.5 miliyoni a dipatimenti ya zachuma, ndipo mgwirizanowo unapatsa komiti yosankhidwa ndi bungwelo mphamvu younika anthu ofuna ntchito. Zitaululika mu 2011 panabuka mkangano waukulu. Ku George Mason nakonso, ophunzira anachita kupita kukhoti kuti aone zikalata, ndipo mu 2018 mtsogoleri wa yunivesiteyo, Ángel Cabrera, anavomera kuti mapangano ena akale anapatsa opereka mawu pa kusankha aphunzitsi. Ife timaona kuti zotere zimapweteka kwambiri akatswiri a ufuluwo eni ake, chifukwa ngakhale amene walemba kafukufuku wabwino amayamba kukayikiridwa kuti ndi wogulidwa.

Komatu opereka nawonso ali ndi dandaulo lomveka. Munthu wachuma Lee Bass anapatsa yunivesite ya Yale madola 20 miliyoni mu 1991 kuti pakhale maphunziro a chikhalidwe ndi mbiri ya maiko a azungu. Zaka zinadutsa pulogalamuyo isanayambe, iye anapempha kuti azivomereza aphunzitsi, ndipo Yale inabweza ndalama zonse mu 1995. Banja la Robertson linasumira yunivesite ya Princeton mu 2002 pa mphatso ya madola 35 miliyoni ya mu 1961, likunena kuti ndalamazo zapatuka pa cholinga, ndipo mlanduwo unatha mu 2008 pogwirizana. Mantha oti ndalama zingapatuke pa cholinga cha wopereka ndi amene anachititsa bungwe lopereka ndalama la John M. Olin Foundation kugawa chuma chake chonse n'kutseka mu 2005.

Mukapeza chikalata cha mgwirizano, yambani ndi ndime ya kulemba anthu ntchito: m'komiti yosankha musakhale munthu wa wopereka, ngakhale wongolangiza. Kenako onani ngati wopereka angaimitse ndalama nthawi iliyonse popanda chifukwa cholembedwa, ndiponso ngati ali ndi ufulu woona kafukufuku asanasindikizidwe. Ndime yoti yunivesite izipereka lipoti la mmene ndalama zagwirira ntchito chaka ndi chaka ilibe vuto, ndipo imateteza wopereka ku zimene zinachitikira Bass.

Kufufuza gwero la ndalama n'kotheka pang'ono. Mabungwe opereka a mabanja amadzaza fomu ya msonkho yotchedwa 990-PF chaka chilichonse, ndipo imaonetsa amene analandira ndi kuchuluka kwake. Ndalama zikadutsira ku thumba ngati DonorsTrust, limene linayamba mu 1999, mumaona dzina la thumbalo, la mwini ndalama silioneka. Pamenepo pitani pa pepala la katswiriyo muone m'munsi mwa tsamba loyamba kapena pa mawu othokoza ngati watchula amene analipira kafukufukuyo.