Eriksen anadzuka, Foé sanadzuke: kusiyana kwake n'kotani?

Bambo wina amene amaphunzitsa timu ya mpira ya anyamata wandilembera imelo. Akuti: "Eriksen anagwa m'bwalo n'kuchira, Foé anagwa n'kumwalira. Kodi ndi mwayi chabe, kapena ndi zipatala za azungu?"

Bambo, za zipatalazo tiyambe taziika pambali. Marc-Vivien Foé wa ku Cameroon anagwera ku Lyon, m'dziko la France, mu 2003, ndipo kumeneko zipatala sizisowa. Anali ndi matenda okhuthalitsa mnofu wa mtima, anamwalira ali ndi zaka 28.

Christian Eriksen anagwa pa 12 June 2021 ku Copenhagen, Denmark ikusewera ndi Finland. Sanayambe ndi kuthamanga naye kuchipatala. Anayamba kumupsinja pachifuwa pakapinga pomwepo, n'kumuomba ndi defibrillator, makina odzutsa mtima ndi magetsi, mtima n'kuyambiranso. Mu 2022 anali akuseweranso ku Brentford. Nkhani yagona pa mphindi zoyambazo, chifukwa mphindi iliyonse yodutsa makinawo asanafike imadya mwayi wopulumuka ndi 7 mpaka 10 peresenti. Mtima wa Fabrice Muamba wa Bolton unakhala mphindi 78 usakugunda pawokha mu 2012, koma anapulumuka poti anthu sanaleke kumupsinja mpaka ku London Chest Hospital.

Chimene chimandipweteka ine ndi zimene timachita tikamuzungulira mnyamata wagwa. Wina akumuthira madzi, wina akumukupiza ndi jezi, wina akulowetsa zala m'kamwa ati angameze lilime. Lilime silimezeka, bambo, mungolumidwa. Wosewera akagwa yekha popanda womugunda, osayankha mukamuitana, muziti mtima waima. Akhoza kuphupha ngati wakhunyu kapena kukoka mpweya mobanika, musaganize kuti akupuma. Mugonekeni chagada, manja onse pakati pa chifuwa, psinjani mwamphamvu maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, chifuwa chizilowa masentimita 5 kapena 6. Wina athamangire galimoto kapena ambulansi. Mukatopa musinthane, osaleka. Nthiti ikathyoka ithyoke, imapola.

Komanso mnyamata akadandaula chifuwa, kapena akakomoka pothamanga, musamunene ulesi, akapimidwe. Enock Mwepu wa ku Zambia anasiya mpira ku Brighton mu 2022 ali ndi zaka 24 madokotala atamupeza ndi matenda a mtima akumtundu. Mufunsenso makolo ngati kubanja kwawo kunafapo wachinyamata mwadzidzidzi.