Kodi tinene kuti "lilime lalemera"?

Funso: Bambo anga anadwala sitiroko, mkono ndi mwendo wakumanja zinafooka. Akafuna madzi amangoti "aja... aja", kwinaku akuloza ndowa. Ena akuti lilime lalemera, ena akuti ndi chibwibwi, azakhali akuti azerezeka. Mawu oyenera ndi ati? (Wowerenga wa ku Dedza)

Yankho: Pepani ndi matendawo. Mawu a azakhaliwo atayeni msanga, chifukwa bambo akumva ndipo zikuwapweteka. Munthu woloza ndowa ludzu likamugwira nzeru zake zili bwinobwino. Chibwibwi nachonso ayi: wachibwibwi mawu ali nawo, amangokakamira potuluka. "Lilime lalemera" timanena munthu akamatchula mawu oyenera koma mokoka, ngati waledzera. Bambo anu vuto lawo ndi lina. Ine ndinganene kuti mawu akuwathawa, kapena kuti akuvutika kupeza mawu. Madokotala amati aphasia.

Achewafe mlandu timaupereka kwa lilime, paja timati uje ndi wakuthwa lilime. Koma mawu amaphikidwa mu ubongo, lilime ndi chipande chabe. Mu 1861, dokotala wa ku Paris, Paul Broca, anaona wodwala wina dzina lake Leborgne, amene ankamva zomuuza koma poyankha ankangoti "tan, tan". Atamwalira, Broca anapeza kuti ubongo wake unawonongeka chakutsogolo, mbali yakumanzere. Mbali imeneyi ndi yomwenso imayendetsa ziwalo zakumanja, n'chifukwa chake mawu a bambo anathawira limodzi ndi mphamvu za mkono wakumanja. Mu 1874, Carl Wernicke wa ku Germany anafotokoza odwala ena ovulala ubongo chakumbuyo pang'ono: awa amalankhula mothamanga koma zopanda mutu, ndipo zonena anzawo sazimvetsa. Ngakhale anthu osamva, olankhula ndi manja, sitiroko ikagunda kumanzereko zizindikiro zimawasokonekera. Nanga pamenepo lilime lalakwanji?

Mwina mukuopa kuti n'zakumtundu. Mu 2001 akatswiri anapezadi jini (kanthu kam'thupi komwe timatengera kwa makolo) yotchedwa FOXP2, yomwe inali yolakwika m'banja lina la ku London, momwe pafupifupi theka la anthu ankavutika kutchula mawu. Koma awo linali vuto lobadwa nalo, si la sitiroko ayi.

Kunyumbako musamawadule mawu kapena kuwakuwira ngati samva. Muyesenso kuwayambitsira nyimbo ya kutchalitchi imene ankaikonda. Odwala otere ambiri amaimba mawu omwewo amene amawakanika polankhula.