Yankho kwa msuweni pa za kupatuka kuja

Eee, chayamba kujambula? Chabwino. Iwe msuweni, ndaliona funso lako pagulu pano, lakuti ukapatuka pamsewu waukulu kukafika kukatauni kaja n'kubwereranso, mafuta akukwanira kodi. Mafuta! Iweyo, amene unatiyendetsa usiku uja wa ukwati wa achemwali, kanyali ka mafuta kakuyaka njira yonse uku ukuimba, lero wayamba kuwerengera malita? Usandiseketse. Ndipo usandimvere pa 2x, kuja kothamangitsa mawu, ndimakudziwa.

Mafutawo umwetse usanapatuke, pamsewu waukulu pomwepo, poti m'matauni ang'onoang'ono pomwetsera pamatha kukhala pamodzi pokha, mwinanso ukapeza potseka. Basi, la mafuta latha. Koma si limene umafunsa ayi. Iwe ukufunsa ngati upiteko, kapena ungodutsa n'kudzamulembera kuti pepa nthawi inachepa. Munthu wacheza naye pa Facebook zaka zonsezi, zinsinsi zako akuzidziwa kuposa ife abale ako, ndiye ukuopa kuti mukaonana maso ndi maso mawu akauma.

Wandikumbutsa amalume. Ayi, osati aja ukuganizawo, enawo, a chipewa. Iwe unali usanabadwe... ayi, unalipo, unali kumsana. Amalume anali ndi mnzawo wolemberana naye makalata, wa dziko loyandikana nalo. Adiresi anaipeza m'magazini, tsamba lija la ofuna anzawo. Ankalemberana pa timakalata tabuluu tija ta ndege, aerogramme, pepala limodzi lomwe umalemba n'kulipinda lokha kukhala envulopu. Lamulo lake m'kati simuikidwa kanthu, ngakhale chithunzi. Ndiye tangoganiza, zaka ndi zaka nkhope sakudziwana. Kalata ikafika, amalume ankavala magalasi, kutikhazika pansi tonse, n'kuwerenga mokweza ngati chilengezo cha boma. Munthuyo m'makalata anali wolongolola, nthabwala zokhazokha, mpaka agogo analoweza dzina lake, kumafunsa kuti mnzanu uja walemba?

Ndiye inafika nthawi ya ulendo uja wokatenga katundu wa azakhali. Nkhani ija ukuidziwa, sindiyambanso, pano pali ana. Anakwera Peugeot 504 ija, yomwe inkapempha madzi pa chitunda chilichonse. Amalume akuti, njira ikudutsa pafupi, tipatuke. Kalata yodziwitsa anaitumiza ndithu, koma iwo anafika kalatayo ikadali m'njira. Komanso adiresi imene anali nayo inali ya bokosi la kupositi ofesi. Bokosi, msuweni! Munthu amagona m'bokosi? Anangoima pakhomo pa positi ofesi, kalata yakale m'manja, kufunsa aliyense wodutsa. Mwayi wake katauni kanali kakang'ono, mkulu wa papositi anangoyang'ana nambala n'kuitana kamwana kuti kawaperekeze.

Dikira... iwe, tseka chitsekocho! Pepa, ana awa.

Ee, ndiye afika. Munthu uja wa nthabwala kumupeza ndi bambo wofatsa, wamanyazi, woyankha ee ndi ayi basi. Nawonso amalume, pakamwa paja ukupadziwa, zii. Moni, za ulendo, za mvula, kenaka chete. Tsono vuto linali lakuti amalume atangotsika galimoto analengeza kale kuti tigona konkuno mpaka Lolemba. Mpaka Lolemba, lili Lachisanu! Mwini nyumba sangathamangitse mlendo, nayenso mlendo sangabweze mawu ake. Azakhali amati anthu awiriwa anangokhala pakhonde kumvera wailesi, nkhani zomwezomwezo m'mawa, masana, madzulo. Wina akatsokomola, mnzake kutembenuka msangamsanga, kuyesa mwina ayankhula. Hahaha! Azakhali mpaka anapita kukakhala m'galimoto, akuti kuli bwino kutenthaku. Ndipo ukudziwa chodabwitsa? Atabwerera kunyumba kalata inabwera, yodzaza mpaka m'mphepete, nthabwala zonse zabwerera, akufotokoza mmene anasangalalira. Munthuyo sanali wachinyengo ayi. Anthu ena amamasuka polemba, basi.

Ndiye chimene ndikufuna kunena... pita. Pita ndithu. Koma umuuziretu nthawi yonyamuka usanafike. Uti ndidutsa masana, ndili ndi maola 2, ndiyenera kukafika kusanade. Kupatukira munthu uli paulendo ubwino wake ndi umenewo, chifukwa chochokera uli nacho kale, palibe amene akhumudwe. Zikakoma mudzapangana tsiku lina lalitali.

Zinazi ukuzidziwa, koma ndinenabe poti amayi ako ali pagulu pano ndipo ndikudziwa akumvera. Moni amayi. Muimbirane kaye vidiyo, osati mawu okha, uone kuti nkhope ndi ya pazithunzi ija. Akamazemba, lero kamera yafa, mawa netiweki, kapena akayamba za ndalama, usapatuke, ingodutsa. Mukumane poyera pali anthu, dzuwa likuswa mtengo, osati kunyumba kwake poyamba, ndipo galimoto uimike poti utha kutuluka osapempha munthu kusuntha yake. Pa WhatsApp pali live location, yoonetsa mnzako pomwe uli pamene ukuyenda, imakupatsa mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8. Iwe sankha ya maola 8 unditumizire ineyo, osati pagulu, tingatope ndi mafunso a azakhali. Mapu a dera limenelo uwasungiretu m'foni pa Google Maps ukadali pa netiweki yabwino, GPS imagwira ngakhale popanda intaneti. Koma live location ija imafuna intaneti, ndiye ikaima usadabwe... ayi, ndine amene ndisadabwe. Ikaima ndikuimbira, uyankhe. Ndiponso woyendetsa amayenera kupuma mphindi 15 pa maola 2 aliwonse, ndiye kupatukako ukutenge ngati kupuma, si kutaya nthawi.

Wamva? Upite, koma ola lonyamukira ulinene uli kutali, osati utakhala kale pampando wa eni ake. Ndipo mukakhala chete pang'ono usathamangire kukanda foni. Mphindi zoyambazo zimakhala choncho kwa aliyense, ingomufunsa zomwe mumakamba masiku onse zija, pakamwa pamasuka pokha.

Aaa, ndipo sunatiuze, mnzakoyu ndi mnzako chabe, kapena tiyambe kukonzekera? Hee? Usayankhe pano, undiimbire. Maola 2, msuweni, umuuze lero lomwe, za mpaka Lolemba zija ayi. Galimotoyo achimwene akuti uibweze yotsuka.